Kukagula Nsomba Yosapala Kutsidya kwa Zambezi

Ndinatuluka pachipata cha Dona Miriyamu m'dera la Josina Machel mumzinda wa Tete m'mawa wa Lachisanu, mithunzi ikadali yaitali, dengu lili pamutu, ndalama nditazimanga pansonga ya kapulana, chitenje changa chija. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, manja awo ali mbuu ndi ufa wa tirigu.

"Tabwereza," anatero.

"Masamba opanda tizilombo. Mbatatesi, anyezi, mandimu. Mazira ambiri. Nsomba ya mamba ndi zipsepse, yathunthu, yosapala."

"Yosapala, iwe Lusiya. Munthu asakaikhudze ndi mpeni. Ndipo ukafika kumeneko ukatsegule pakamwa. Kumsika sagula ndi maso."

Ndinavomera ndi mutu, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo ndi zomwe zinawawonjezera nkhawa.

Amayi amaphika kwa banja la Ayuda lochokera ku Brazil. A Davide, amuna awo a Dona Miriyamu, anabwera nkhondo itangotha kudzakonza mijigo ndi mapaipi a madzi. Pomwe Amayi ankayamba ntchitoyi, ife titangobwerako ku Malawi komwe tinathawira, pakhomopo panali mwana mmodzi ndipo nsomba ziwiri zinkakwana. Kenaka kunabadwa mapasa. Mwezi wathawu kwabadwanso khanda. Miphika yakhala ikukula chaka ndi chaka, koma malamulo a khitchini ndi omwe aja. Mkaka uli ndi miphika yake. Dzira lokhala ndi kadontho ka magazi salidya. Nyama kuno sadya n'komwe, chifukwa palibe wodziwa kuzinga mwa mwambo wawo, mumzinda momwe mbuzi zimagona pakati pa msewu ngati zili ndi chilolezo. Ndiye moyo wawo uli pa nsomba, nyemba ndi mazira, ndipo nsombayo amadya ya mamba ndi zipsepse yokha. Chachikulu ndi Sabata: kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka nyenyezi zitatuluka, sakoleza moto ndipo sagula kanthu. Chakudya cha anthu onsewo chimayenera kupsa dzuwa lisanalowe, ndiponso chikhale choti chipirire kutentha kwa Tete, pakuti firiji yawo imafa magetsi akathima.

Zonsezi Amayi anazizolowera. Vuto linabwera pa ndege. Mayi awo a Dona Miriyamu, amene ana amawatchula kuti Vovo, anabwera kudzaona khanda. Chifikireni sanalawe kalikonse kochokera mumphika wa Amayi. Ankadya nthochi, kumwa tiyi m'kapu yomwe anabwera nayo, basi. Sankakalipa ayi, ankangoyang'ana. Lachitatu ndinamva Dona Miriyamu akunong'oneza Amayi kuseri kwa thanki ya madzi.

"Ameliya, mayi anga akuti akhala chaka chonse, ndipo khitchini aitenga okha. Ndawachonderera kuti alawe za Lachisanu lino. Akuti nsomba za mumtsinje uno sazidziwa, afuna aone mamba ndi maso awo. Akapanda kudya, sindikudziwa kuti ndidzakuuza chiyani."

Ine ndinkadziwa chomwe akanawauza. Bambo tinawasiya m'manda ku Dedza. Kachipinda kathu m'dera la Samora Machel, yunifolomu yanga ndi makope anga, zonse zimatuluka m'khitchini imeneyo. Tsikulo Amayi sakanachoka, pakuti anali ndi buledi woluka wa Sabata woti akande, ndi mapasa okakamira m'miyendo. Sukulu yathu inali yotseka chifukwa ankakhoma malata atsopano. Choncho ntchito ya Amayi inaikidwa m'dengu, dengu n'kuikidwa pamutu pa mtsikana amene m'kalasi akadziwa yankho amalilemba m'kope m'malo mokweza dzanja.

Ndinayamba ndi Nhartanda, kuchigwa kuja kuli madimba. Ndi ulendo wapansi, wotsetsereka, ndipo munthu amamva fungo la dothi lonyowa asanaone masamba. Ndinapeza agogo ena aamuna akuthirira kabichi ndi chitini chobowola. Ndinawapatsa moni m'Chinyungwe changa cha m'kalasi.

"Muli tani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndili bwino, Mmalawi. Lankhula chakwanu, ndimamva."

Ndinabadwira ku Angonia, koma sindinawatsutse. Ndinagwada n'kuyamba kutembenuza masamba limodzilimodzi monga momwe Amayi amachitira, kuyang'ana kunsi, kuyang'ana m'mitsempha. Nditafika pa tsamba lachisanu agogo aja anaika chitini pansi.

"Wataya ndolo m'munda mwanga?"

"Ayi, agogo. Ndikuona ngati muli mphutsi."

"Zilimo! Zilekerenji? Mphutsi ikadya ndiye kuti ndiwo n'zabwino. Ukufuna masamba omwe ngakhale mphutsi yawakana?"

Ndinanong'ona kuti azungu amene Amayi amawaphikira sadya masamba a tizilombo. Ndinapitiriza kutembenuza. Pamapeto pake iwo omwe anagwada pambali panga, akung'ung'udza, n'kuyamba kundisankhira. Ankati akapeza kambozi amakanyamula pachala n'kukaonetsa kwa ine. "Uyu ndi mdani wa bwana wako? Wamng'ono chonchi?" Anandiwonjezera mandimu awiri, akuti ndi a chipepeso kwa azungu oopa mphutsi.

Kumsika waukulu ndinafika dzuwa litayamba kuluma pakhosi. Mbatatesi ndi anyezi sizinavute. Amayi a ku Tsangano amene amagulitsa amawadziwa Amayi, ndipo anangondidzazira osandifunsa zambiri, Mulungu awadalitse. Mazira ndiwo anandichititsa manyazi. Mazira a nkhuku zakumudzi nthawi zambiri amakhala ndi kadontho kaja, choncho Amayi amagula ochuluka kuti ena akakanidwa otsala akwane. Ine ndinaganiza zochenjera. Ndinatenga dzira n'kuliyang'anitsa padzuwa, diso limodzi nditatsinzina. Sindinaone kanthu, koma ndinatenganso lina kuti ndisaoneke ngati sindikudziwa chomwe ndikuchita.

"Menina," anatero bambo wogulitsayo, kunditchula mtsikana m'Chipwitikizi, "ukudikira kuti mwanapiye akupatse moni?"

Amayi ogulitsa tomato pafupi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinagula mazira onse amene ndinawagwira ndi ena pamwamba, n'kuwayala mu utuchi pakati pa masamba.

Ku mbali ya nsomba kunali kapenta, nsomba zouma zamchere zounjikidwa ngati nkhuni, ndi milamba itatu yonenepa. Nsomba zaziwisi za mamba zinali zitatha m'mamawa. Mtsikana wina wothamangitsa ntchentche ndi katoni anandiuza kuti ndiwoloke mlatho wa pa Zambezi, ndipite ku Matundo kumene mabwato amakocheza. "Ukafulumira upeza pende." Pende ndi nsomba yofanana ndi chambo, ndipo ndi yomwe Amayi amagula masiku onse.

Ndinali ndisanawolokepo mlatho ndekha. Kuti ndilimbe mtima ndinagula kabuledi kokhala ndi bajiya ziwiri m'kati, zitumbuwa za nyemba zija, ndi madzi oundana a malambe a m'kapulasitiki. Ndinadyera kuseri kwa galimoto yakufa kuti anthu asandione ndikutafuna.

Minibasi kuno timati chapa. Yomwe ndinakwera inali yopanda galasi lakumbuyo, ndipo chitseko chake kondakitala ankachigwira ndi dzanja kuti chisagwe. Mtengo unali kontu imodzi pa ndalama za kuno. Anafuna kuti dengu nalo lilipire.

"Lakhala pamiyendo pake, iwe," anatero amayi ena onenepa amene ndinapanikizana nawo. "Miyendo yalipira kale. Kapena ufuna ulipiritsenso mazira limodzilimodzi?"

Kondakitala analeka za dengu. Ndinawasirira amayiwo ndi mtima wanga wonse.

Pamlatho magalimoto akuluakulu opita ku Malawi ndi ku Zimbabwe anali pamzere, akuloledwa kuwoloka pang'onopang'ono. Mlathowo ndi wolendewera pa zingwe zachitsulo, ndipo lole ikadutsa umanjenjemera. Ndinakumbatira dengu n'kuyang'ana pansi. Zambezi anali phee, wofiirira, wotambalala ngati alibe tsidya, ndipo timabwato tinkaoneka ngati makoko a mtedza. Titawoloka ndinaona kanjira kotsikira kumadzi komwe ndinayenera kutsikira. Munthu akafuna kutsika amakuwa kuti "Paraji!" Ndinakonza mawuwo m'kamwa. Ndinawatulutsa. Ndikukhulupirira kuti mazira okha ndiwo anamva. Chapa inapitirira, kanjira kanatsala, tinadutsa malo ogulitsira makala, tinadutsa tchalitchi chopanda denga.

"Umatsikira kuti, mwanawe?" anafunsa amayi aja ataona ndikusuzumira kumbuyo.

"Kuja tadutsa kuja."

"Mayo ine! Paraji! Paraji, iwe dalaivala, mwana wa eni ake mukupita naye ku Moatize!"

Ndinatsika anthu onse akundiyang'ana, n'kubwerera wapansi m'fumbi lomwe chapa inasiya.

Kudooko kunali phokoso, ntchentche, ndi fungo lomwe limakhala m'tsitsi mpaka mawa lake. Mnyamata wamkulu wopanda malaya anandithamangira atanyamula mlamba wautali ngati mwendo wanga. "Menina, uyu alibe minga, alibe mamba, ungodula n'kuphika!" Ndinapukusa mutu mwamphamvu. Ndinadzimva wanzeru kwambiri pamenepo. Ndinaganiza kuti mayeso a tsikulo anali amenewo ndipo ndakhoza.

Pende ndinazipeza kwa amayi ena a mpango wofiira, atakhala pa chidebe, mpeni uli pamwendo. Zinali zisanu, zonyezimira, maso ali gwa. Ndinafunsa mtengo motsitsa mawu, ndipo iwo anatukula mutu.

"Lankhulanso. Chinyanja chimenecho n'cha kuti?"

"Cha ku Ulongwe, amayi. Koma tinali ku Dedza."

"Ku Ulongwe! Ndiwe wa mfunda wanji?"

"Naphiri."

Anaomba m'manja, mpeni n'kugwa. "Naphiri ndine! Ee, anthuni, mwana wa achimwene anga uyu! Iwe, wakula bwanji osandiona?" Sanandionepo chibadwire changa, koma anandikumbatira ndi manja a nsomba, anandifunsa za Amayi, za mvula ya kwathu, za amene anabwerako ndi amene sanabwereko. Nditatchula za Bambo anandisisita patsaya. Mtengo anatsitsa okha ndisanapemphe. Kenaka anatola mpeni uja.

"Ena ndimawalipiritsa kupala. Koma mwana wa kwathu sanganyamule ntchito kupita nayo kunyumba."

Pano ndilembe mosabisa. Nthawi yolankhula inalipo. Anayamba apukuta mpeni pa kapulana. Anayang'ana thabwa. Anathamangitsa galu. Mawu akuti "musapale" anali pa lilime langa, athunthu, okonzeka. Koma munthu amene wangokutcha mwana wake, amene wangolira nawe bambo ako, umamuuza bwanji kuti chifundo chake sukuchifuna? Ndinaganiza kuti ndilankhula akamaliza yoyamba, zinayi zitsale. Mamba anauluka ngati mvula. Ndinaganiza kuti ndilankhula akamaliza yachiwiri. Dzanja lawo linali lachangu kuposa mtima wanga. Anapala zonse zisanu, anadula zipsepse, anachotsa mitu, anatumbula, anatsuka, n'kuzikulunga bwinobwino m'pepala la simenti.

"Zikomo kwambiri, azakhali," ndinatero.

Ndinathokoza. Ndinalipira. Ndipo iwo atatembenuka kukatunga madzi, ndinagwada msangamsanga n'kuwola mamba pamchenga, odzaza dzanja, n'kuwamanga m'kampango kanga.

Ndinakwera mtunda mpaka pa mlambe waukulu wa m'mbali mwa msewu, n'kukhala pamthunzi. Dzuwa linali pamutu. Ndinamasula pepala, ndinamasula kampango, ndipo ine Lusiya, amene aphunzitsi amati ndili ndi mutu wabwino, ndinayamba kubwezera mamba pa nsomba. Ndinkanyowetsa chala ndi malovu, kutola limodzi, kulimata. Ndinamata mzere umodzi wokongola ndithu. Nditainyamula nsombayo kuti ndione, onse anatsetsereka n'kugwera pamwendo panga. Mbuzi ina inaima patsogolo panga ikutafuna katoni, ikundiyang'ana osaphethira. Ndinaganiza za Vovo atavala magalasi awo, ine ndikuwapatsa nyama ya nsomba dzanja ili, mamba a mchenga dzanja linalo, ndikuti zimenezi zinali pamodzi m'mawa, ndikhulupirireni. Ndinaganiza za Amayi akuvula epuloni n'kuipinda. Ndinalira pang'ono, mbuzi ikuonerera. Kenaka ndinakutumula kampango, ndinasenza dengu, n'kutsikanso.

A Naphiri anali akutsuka thabwa. "Waiwala chiyani, mwanangu?"

Ndinalankhula. Iwo anaika dzanja kukhutu. Ndinalankhulanso. "Iwe, kweza mawu, kuno n'kumadzi!" Ndiye ndinatseka maso, ndinakoka mpweya, ndipo chomwe chinatuluka sindikudziwa kuti chinkakhala kuti zaka zonsezi.

"Ndimafuna zosapala!"

Dooko lonse linati zii. Ngakhale mnyamata wa mlamba uja anatembenuka.

"Zosapala?" A Naphiri anaimirira pang'onopang'ono. "Ndiye unali kuti pomwe ndimapala? Sunali pompano, maso ali tong'o ngati pende yomweyo? Ndalakwa kukukomera mtima?"

"Simunalakwe, azakhali. Ndalakwa ndine. Ndinachita manyazi."

Popeza pakamwa panali patatseguka kale, zonse zinatuluka: za Ayuda, za Sabata, za agogo amene akudya nthochi zokha, za ntchito ya Amayi. Anthu anayandikira kudzamvera ngati wailesi.

"Azungu ako amadya mamba?" anafunsa wina.

"Sadya. Amangofuna kuwaona."

"Akawaona amakhuta?"

Kunali kuseka. Bambo wina wosoka ukonde anati, osatukula mutu, "Musaseke, zili m'Buku Lopatulika zimenezo. Alamu anga a mpingo wa Sabata nawonso mlamba sayandikira." Wina anamuyankha kuti alamu akewo azibwera kudzadya kwawo, ndiwo zizitsala.

A Naphiri sanaseke. Anaika manja m'chiuno. "Mamba sindingawabwezere. Pende zatha. Mayi ako anabereka mwana wosalankhula n'kumutuma kumsika, nawonso ali ndi mlandu." Anandilanda phukusi lija n'kukuwira amayi ena amene ankakazinga nsomba pansi pa mtengo. "Komadre, mnzanga! Pende zisanu zopalapala, zotsuka, ungoponya m'mafuta!" Amayiwo anabwera akupukuta manja, ananunkhiza, anadandaula za mtengo monga mwa mwambo, n'kutenga. Ndalamazo sizinafike m'manja mwanga. A Naphiri anandikoka padzanja mpaka pa bwato lomaliza lomwe linkangokocheza kumene, n'kusuzumiramo.

Munali nsomba imodzi yokha ya mamba: mcheni wa mu Zambezi, wautali ngati mkono wa munthu wamkulu, wa mizere yakuda m'mbali, mchira wofiira, ndi mano otuluka kunja ngati misomali. Ngakhale atafa ankaoneka ngati akufuna ndewu.

"Uyu ali ndi mamba okwana banja lonse ndi alendo omwe," anatero a Naphiri. Anakangana ndi msodziyo m'Chinyungwe chothamanga, anamutchula wakuba, iye anawatchula mfiti, anagwirana chanza. Ine mtima unali m'mwamba. Amayi sagula mcheni chifukwa ndi wodzaza minga ing'onoing'ono, ndipo mapasa aja amameza osatafuna. Koma wopanda mamba sakanalowa n'komwe pakhomo.

A Naphiri anamuika m'dengu mutu uli kunja, n'kunditwika. Mwachizolowezi dzanja lawo linapita pa mpeni.

"Musapale!" ndinakuwa.

"Ndamva, iwe! Ndimangousunga. Pita, ukapereke moni kwa mayi ako. Ukawauze kuti mwana wawo wayamba kulankhula lero, aphike thobwa."

Pobwerera chapa sinapezeke. Lole ina inafera pakamwa pa mlatho ndipo magalimoto onse anaima. Ndinayang'ana dzuwa, linali litayamba kupendeka. Ndinawoloka wapansi. Sindinkadziwa kuti mlatho uja ndi wautali chotero. Chitsulo chinkatentha kudutsa m'mapatapata, mphepo ya pamtsinje inkakankha dengu, ndipo madzi a nsomba ankandiyenderera m'khosi mpaka kumsana. Madalaivala a ku Malawi anali atagona pansi pa malole awo. Mmodzi anadzuka n'kukuwa, "Chemwali, chilombo chanucho chaluma kale angati?" Chichewa chake chinali cha ku Dedza ndithu, ndipo ndinatsala pang'ono kumuyankha. Pakati pa mlatho ndinamva kanthu kakuphwanyika m'dengu. Dzira limodzi linatsikira kukhutu kwanga, ndipo sindikanatha kulipukuta popeza manja onse anali kudengu. Ndinalowa mumzinda choncho, ana akunditsatira, akuloza mano a mcheni.

Amayi anali pachipata, akuyang'ana kumsewu dzanja lili pamphumi. Ananditula. Anavundukula masamba. Anayang'ana nsomba, anayang'ana ine.

"Ndakutuma pende. Wandibweretsera ng'ona?"

"Ndi yosapala, Amayi."

Pamenepo n'kuti Vovo atafika kale pakhomo la khitchini, wamfupi, mpango kumutu, magalasi akulendewera pachifuwa. Analoza tebulo. Amayi anagoneka mcheni pamenepo. Dona Miriyamu anabwera khanda lili paphewa n'kuima pakona. Vovo anavala magalasi. Anayendetsa chikhadabo pamsana pa nsomba mobwerera, anatukula mamba amodzi, anawazula, n'kupita nawo pawindo kukawaona padzuwa. Anabwerera n'kutambasula chipsepse ngati akuyesa nsalu. Kenaka anawerama n'kuyang'anitsitsa mano aja.

"Wafanana ndi malemu apongozi anga," anatero m'Chipwitikizi.

Dona Miriyamu anaseka mwadzidzidzi mpaka khanda linadzidzimuka. Amayi sanaseke. Anatenga mpeni, anacheka pang'ono pamsana n'kuonetsa timinga tomwe tinali mumnofu, kenaka analoza mapasa amene ankasuzumira pakhomo. "Dona, iyi ana ingawatsamwe."

Vovo anagwedeza dzanja. Anati kwawo nsomba ya minga ndiyo ya Sabata: amaisenda, amaipera yosalala, amaumba timipira n'kuwiritsa mu msuzi wa mutu ndi mafupa ake, ndipo mawa lake amadya tozizira. Anafunsa makina operera. M'nyumbamo munalibe. Anayang'ana uku ndi uku, mpaka maso awo anagwera pa mtondo wa Amayi umene unali pakhonde.

"Mumasinjamo chiyani?"

"Mtedza wokha, Dona."

"Nyama?"

"Sinalowemo."

Vovo anapita, anagwira m'mphepete mwa mtondo, n'kulowetsamo mutu wonse kununkhiza. Anatulukamo ndi kansinjiro pamphuno. Anatola munsi kuti asinje okha, anaukweza, ndipo munsi unawakokera kumbuyo mpaka a Davide, amene ankangofika kumene, anawagwira pamsana. Vovo anaupereka kwa Amayi osayang'ana munthu.

Kuyambira pamenepo inali liwiro ndi dzuwa. Vovo anapala nsomba yawo okha. Amayi anasenda mnofu, anazula minga ikuluikulu, n'kusinja yotsalayo pamodzi ndi anyezi mpaka inasalala ngati phala. Ine anandipatsa ntchito yoswa mazira, limodzilimodzi m'tambula yagalasi, Vovo akuyang'ana kunsi kwake. Atatu anakanidwa, ndipo Amayi anawaika pambali kuti akhale ndiwo zathu. Vovo ankaumba timipira ndi manja onyowa, Amayi akutiponya mumphika. Sankalankhulana kwenikweni. Wina ankatambasula dzanja, mnzake n'kuikamo chomwe chikufunika. Ine ndinatsuka masamba a agogo aja katatu, ndipo ndinapezamo kambozi kamodzi komwe ndinakataya pawindo mwakachetechete.

Dzuwa litafika pamwamba pa mitengo ya kuseri, nyumba inali itasintha. Ana anali atasamba, tebulo litayalidwa nsalu yoyera, mikate iwiri yoluka itaphimbidwa, makandulo akudikira. Mbatatesi ndi nyemba za mawa zinali zitapsa. Amayi ankatakasa msuzi wa nsomba. Pamenepo Vovo anabwera n'kuwalanda supuni m'manja.

Ndinaona msana wa Amayi ukuuma. Dona Miriyamu anasiya kugwedeza khanda. Ndinaganiza kuti basi, khitchini yapita, ayitenga ndi supuni yomwe.

Vovo anatunga msuzi, anauzira, n'kumwa. Anakwinya nkhope.

"Shuga," anatero. Ndipo anabweza supuni m'dzanja la Amayi.

"Mu nsomba, Dona?"

"Shuga, Ameliya."

Kanali koyamba kuwatchula dzina. Amayi anathira shuga mu nsomba ndi nkhope ya munthu amene akuponya dothi m'manda. Anatakasa. Vovo anatenga mbale, osati kapu yawo ija koma mbale ya m'kabati, n'kuitambasulira kwa Amayi kuti awaikire. Anadya kampira kamodzi ataimirira, kotentha, akupemerera m'kamwa. Anatambasulanso mbale.

"Lachisanu likubwerali," anauza Dona Miriyamu akutafuna, "mtsikanayu abweretse ziwiri. Ana akukula. Ndipo Ameliya abwere Lamlungu m'mawa, tikambirane za chakudya cha mlungu wonse. Nyemba zake ndaziona, zikufuna anyezi."

Tinatuluka makandulo asanayatsidwe, pakuti nthawi imeneyo ndi yawo. Tinayenda kulowera ku Samora Machel, Amayi patsogolo ndi mazira atatu m'kambale, ine pambuyo ndi dengu lopanda kanthu, ndikununkha moti agalu ankatiperekeza. M'njira ndinawafotokozera zonse, ndi za pansi pa mlambe zomwe. Anaima, anandiyang'ana, ndipo anaseka mpaka anakhala pa mwala kuti mazira asagwe.

Chomwe ndaphunzira pa ulendowu n'chochepa. Mawu amodzi omwe ndinawaumira pa nthawi yake anandilipiritsa mtunda, misozi, dzira, ndi kukuwa pamaso pa dooko lonse. Akanatuluka msanga akanamveka ndi munthu mmodzi yekha. Ndipo mphoto ya kulankhula kwangako ndi yoti Lachisanu lililonse ndizikalankhulanso.

Titayandikira kwathu Amayi anatembenuka n'kutsitsa mawu. "Za shuga mu nsomba zija, usakauze munthu m'dera muno. Ndili ndi mbiri yanga."

Sindinauze munthu. Ndangolemba.